Wogwira Pulagi Kuseri kwa TV

9 Januwale

Okondedwa Achimwene,

Kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja, ndipo ndi madzulo, nthawi imene ana a sukulu amadutsa pamsewu akuponda dala m'zithaphwi. Ine ndangoweruka kumene kuntchito kwathu kochapa zovala, manja akadali otentha ndi simbi. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Ife kuno tilipo.

Munanena kuti tiyambe kulemberana makalata a papepala ngati kale, chifukwa foni imapha chikondi. Ndavomera, ngakhale sindikudziwa kuti foni imene simuyankha ingaphe bwanji chikondi. Mukhululuke zilembo zanga, mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera ku pulayimale.

Nkhani zakuno ndi zomwe zija. Denga la pabalaza likudonthabe. Galu wa oyandikana nawo analuma wa mamita a madzi, ndipo anthu onse mumsewu muno ali kumbali ya galu.

Amayi ndiye nkhani yaikulu. Diso lamanzere linazimiratu. Lamanja likuona ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka loko, chinthu chimodzi chokha, ndipo chikhale pafupi, chisamayende. Adokotala akuti mankhwala angochedwetsa, koma chaka chino chisanathe nalonso lizima. Ayamba kuyenda akupapasa makoma, choncho mwezi watha tinaitana amagetsi aja a pakona, anakonza masoketi onse a m'nyumba osasiyako ndi imodzi yomwe. Akafuna kuonera TV amakokera mpando mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Akuti ndikuuzeni mawu awa: abwere ndimuone nkhope ndisanayambe kuona ndi zala.

Mutiuze kuti mubwera liti. Ngati simungathe msanga, tumizani kaye chithunzi.

Ine mlongo wanu,
Kachete

2 Febuluwale

Kachete wanga,

Moni nonse kumeneko. Kalata yako yandipeza ndipo yandisangalatsa kwambiri, makamaka pamene wanena kuti TV ikugwirabe ntchito. Ndi ija ya chimsana chachikulu eti? Usalole munthu aliyense aigulitse. Zotere sakupanganso.

Ndikuuze chimene ndagula. Ndi kabokosi kakuda, kakang'ono ngati sopo. M'kati mwake muli kachipangizo kodzisandutsa kompyuta yakale iliyonse. Ukakauza kuti kakhale ngati ija imene bambo anatola ku ofesi kwawo itatayidwa, kamakhaladi iyo yeniyeni, mitundu yake, kulira kwake, ngakhale kuchedwa kwake. Ukukumbukira kuti masewera ankakhala pa kaseti? Tinkaika kaseti mu wailesi, n'kulumikiza ku kompyuta, n'kumadikira ikulira ngati mphaka wopondedwa mchira mpaka masewera alowe. Kabokosi kanga nakonso kamamva kaseti. Pambali pake pali kabatani kofiira, ukangokadina zonse zimazima ngati magetsi athima, n'kuyambiranso. Tsiku loyamba kukayatsa misozi inalengeza.

Tsono vuto ndi ili. Masewera onse akale ali pa intaneti, kupatula amene ndinalemba ndekha ndili mnyamata. Ndowa. Kamunthu kothamanga ndi ndowa kulandira madontho ochokera kudenga. Ali pa kaseti imodzi yokha padziko lonse lapansi, ndipo kasetiyo ili m'nyumba mmenemo. Uifufuze mwachangu, undiuze. Aa, masiku aja. Tinkasewera limodzi tsiku lonse, iwe ndi ine, osamva njala.

Za amayi ndamva. Uwauze asamakhale pafupi kwambiri ndi TV, zimawononga maso. Za kubwera tiona ntchito ikaphwa. Chithunzi ndaikamo.

Mchimwene wako

20 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Tikuthokoza chifukwa cha malangizo a maso, amayi akuti akanawamva kale bwenzi atapulumutsa lamanzere lija.

Chithunzi chinafika. Ndinawapatsa amayi pakhomo pamene pali kuwala. Anachiyandikitsa ku diso lotsalalo n'kuchiyendetsa nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ali pati?" Ndinawauza kuti chakudacho ndi kabokosi, chachikulucho ndi tebulo, ndipo m'mphepetemo muli dzanja lanu likuloza kabokosiko. Anati, "Dzanjali lanenepa. Ndiye kuti mwini wake akudya." Achiika pansi pa pilo.

Kaseti ndaipeza m'sutikesi ya malemu bambo, pansi pa mataye. Palembedwa kuti NDOWA, OSAKHUDZA, MAKAMAKA KACHETE. Kompyuta yeniyeniyo inanyowa kalekale, amayi amatchingira chitseko cha kukhitchini kuti mphepo isamachimenyetse. Ntchito imeneyi ikuigwira bwino.

Pali mawu m'kalata mwanu amene sindinawamvetse. Mwati tinkasewera limodzi. Mwina mutu wanga ndi wa pulayimale, koma ine ndikukumbukira chonchi. Soketi ya kuseri kwa TV inkagwedera. Pulagi ikangosuntha pang'ono zonse zinkazima, kaseti n'kubwezedwa pachiyambi. Bambo anati aitana amagetsi, inu munati palibe chifukwa poti Kachete alipo, ndiponso salankhula. Ndiye ndinkanyonyomala pakati pa khoma ndi kabati, chala chachikulu chili pa pulagi, kuyambira pamene kaseti yayamba kulira mpaka inu mutatopa. Masewera anu ndimawadziwa ndi makutu. Dontho likagwera mu ndowa kunkamveka pi, likagwera pansi kunkamveka buu. Kamunthuko sindinakaonepo. Chimene ndimachidziwa bwino ndi msana wa TV, uli ndi timabowo totulutsa mpweya wotentha, ndipo munkakhala kangaude wina amene tinazolowerana. Zikazima munkati, "Wagwedeza, Kachete. Tiyambirenso." Munatero ngakhale tsiku lija magetsi anathima mumsewu wonse.

Koma musadandaule kuti ndinamanidwa. Masewera a ndowa ndimasewera chaka chilichonse mvula ikayamba, ndi ndowa zenizeni.

Apa amene akulankhula ndi amayi, ine ndikungolemba.

Iwe mwana, ndamva kuti kwanuko kwabadwa kabokosi. Tikuthokoza. Kayamba kukwawa? Kakudya bwino? Ndikumva kuti ukakaona umalira. Ine ndinakunyamula mpaka msana kupindika, sindinamvepo kuti walira chifukwa cha ine, kupatula pamene ndinkakusambitsa. Dzanja lako ndaliona. Ukapeza mpata utumize khutu, kenako chibwano, mwina pofika kumapeto kwa chaka ndikhala nditakulumikiza. Ndatha ine mayi ako.

Amaliza. Mutiyankhe za kubwera.

Kachete

15 Malichi

Kachete,

Moni. Ukukokomeza. Ine ndikukumbukira bwino lomwe kuti unkaseka kuseri kuja. Ndiponso kugwira pulagi inali ntchito yaikulu, popanda iwe sibwenzi pali masewera. Uzinyadira.

Tsono mvetsera bwino za kaseti, chifukwa yakalamba ndipo zinthu zokalamba zimafuna chisamaliro. Usaiyese mu wailesi. Usaiike padzuwa kapena pafupi ndi sipika. Usakhudze riboni yake ndi zala, makamaka iwe amene umagwira sopo tsiku lonse. Uikulunge m'nsalu yofewa, kenako m'pepala la pulasitiki, kenako uiike m'kabokosi kolimba, m'mbali monse uikemo thonje kuti isamagwedere. Usiku izigona pouma, posazizira kwambiri. Kaseti ikangofooka mawu, palibe dokotala angaibwezere. Ukaitumize papositi ya kusayinira, ndipo undiuze tsiku limene yanyamuka kuti mtima wanga ukhale m'malo.

Amayi uwauze kuti akadali ndi nthabwala zawo zija, ndaseka kwambiri. Ntchito yachuluka.

Mchimwene wako

4 Epulo

Okondedwa Achimwene,

Moni. Malangizo anu osamalira zinthu zokalamba ndawawerengera amayi. Akuti ndi abwino, ndipo akupempha kuti nawonso ndiziwakulunga m'nsalu yofewa n'kuwagoneka pouma.

Dzulo anathira tiyi pambali pa kapu mpaka anadzaza tebulo. Lamlungu anapatsa moni jekete lopachika pachitseko, n'kudikira kuti liyankhe. Anaseka okha, koma kenako analowa kuchipinda, sanatulukenso mpaka madzulo.

Kaseti ndaikulunga monga munanenera. Ili bwino, ikugona pouma. Koma kupositi sindipita nayo. Palembedwa kuti Kachete asakhudze, ndiye ndakhudza kale mokwanira. Mwini wake abwere adzatenge.

Kachete

19 Meyi

Mlamu wanga Kachete,

Moni, ndi ine mkazi wa achimwene ako. Ndikulemba nthawi yopuma kuntchito, iwo sakudziwa. Amayi ali bwanji? Undiuze zoona, usandibisire.

Usadabwe kuti kalata yako ya mu Epulo sinayankhidwe. Bambo akunyumba akwiya. Akuti wagwira kaseti yawo ukapolo. Akhala akuyendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndikuuze mmene zilili kuno. Chipinda chimene tinkasungira mwana wodzabadwa chinasanduka pabalaza panu. Anagula makatani abulauni ofanana ndi a kwanuko, anasakasaka mpaka kupeza kabati yonga yanuyo. Amayatsa kabokosi kawo n'kuika phokoso la mvula pafoni. Chimene chikuwasowetsa mtendere n'chakuti TV yathu ndi yopyapyala, akuti mitundu sikutuluka ngati mmene inkatulukira kwawo. Tsiku lina anandifunsa ngati ndingakhale kuseri kwa kabati pang'ono chabe, kuti amve ngati kale. Ndinawayang'ana mpaka anapepesa.

Makalata ako sawerenga onse. Ndimawaona. Akafika pa ndime imene yayamba ndi mawu akuti Amayi, maso awo amalumpha ngati munthu wolumpha ngalande, n'kumangosaka pamene palembedwa TV kapena kaseti. Si kuti alibe chikondi. Chiphonyereni maliro a bambo anu, munthuyu amaopa khomo la kwawo. M'kabokosi kawo bambo akadali ku ofesi, amayi akadali kukhitchini ndi maso onse awiri, iwe ukadali kamwana kosalankhula. Ndani angafune kutulukamo?

Za ntchito akunama. Masiku awo a tchuthi aunjikana mpaka abwana awo akuwakakamiza kuti apume. Ine ndalankhula mpaka pakamwa kuuma. Ukawaitana ndi chisoni sabwera, chisoni ndi chimene akuthawa. Uwaopseze ndi TV.

Mlamu wako

2 Juni

Okondedwa Achimwene,

Moni. Tikukhulupirira kuti muli bwino, inu ndi alamu ndi kabokosi.

Kalatayi ndi ya TV ndi kaseti zokhazokha, mukhoza kuwerenga yonse.

Pali bambo wina wogula zitsulo zakale amene amadutsa mumsewu muno ndi wilibala. Waiona TV ija ndipo waikonda. Akuti akaiphwanya ndi hamala m'kati muli mawaya abwino. Poti m'nyumba muno mulibenso woionera, tagwirizana kuti adzaitenge kumapeto kwa mwezi uno.

Kaseti ndalonjeza mayi oyandikana nafe, eni galu aja. Akufuna riboni yake kuti aimangirire pa timitengo m'dimba lawo, akuti ikamanyezimira padzuwa mbalame zimathawa. Ndaona kuti ndi bwino igwire ntchito kusiyana n'kungogona pouma.

Kachete

13 Juni

Kachete,

Osakhudza kanthu. Wa wilibalayo umuuze kuti TV ili ndi mwini wake. Ndifika Lachisanu pa 27, ndibwera ndi kabokosi. Sindikhalitsa.

Mchimwene wako

28 Juni

Okondedwa Alamu,

Moni. Muli bwanji kumeneko? Katundu wanu anafika bwino dzulo masana, wonenepa monga dzanja lija linanenera.

Amayi anawadikira pakhomo kuyambira m'mawa, atavala diresi lawo la maluwa. Achimwene atafika anawakumbatira amayi mwachangu ngati munthu wogwira poto wotentha, n'kudutsa. Amayi anakweza manja kuti awagwire nkhope, anagwira mphepo. Kuyambira pamenepo achimwene sanaime malo amodzi. Akalankhula ali pawindo, amayi akatembenukira kumeneko, iwo ali kale kukhitchini akufunsa amene anaika kompyuta pachitseko. Pakudya anakhala mbali ya diso lakufa. Pogona amayi anandinong'oneza kuti, "Mwana uja wabweradi, kapena mwandiyatsira wailesi?"

Lero m'mawa anayamba ntchito imene anabwerera. Anapukuta TV ndi mpango wawo, anatulutsa kabokosi n'kukaika pansi patsogolo pa kabati, analumikiza wailesi ya bambo ija, anamasula kaseti m'nsalu ngati akumasula khanda. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kachete, malo ako ukuwadziwa. Soketi ija imagwedera."

Alamu, ine sindidziwa kuyankha anthu. Kuntchito makasitomala akandikalipira ndimangoyang'ana simbi. Koma mawu anatuluka okha. Ndinati, "Achimwene, ine kamunthuko sindinakaonepo."

Iwo anati, "Udzakaona ndikamaliza."

Amayi anati, "Unamaliza liti iwe? Pita kuseriko."

"Amayi, ine sindingakwanemo."

"Puma mpweya, ukwanamo."

Anakwanamo. Ananyonyomala pakati pa khoma ndi kabati, dzanja limodzi pa pulagi, lina litagwira khoma kuti asagwe. Kuseri kumeneko kuli windo laling'ono, ndipo dzuwa la m'mawa linkawagunda kumaso. Ndinadina wailesi, kaseti inayamba kulira kulira kwake kuja. Achimwene anafuula kuti munthu asayende, munthu asatsokomole. Amayi anakoka kampando kawo pang'onopang'ono mpaka kukafika kuseri komweko. Anati, "Ndikuthandize kuyang'anira pulagi."

Anakhala moyang'anizana, mphuno kutsala pang'ono kugundana, ngati mmene amaonera TV. Achimwene sakanatha kuthawa. Akanasuntha, Ndowa yawo ikanafa.

Ndinkamva amayi akuwerenga nkhopeyo ngati nyuzipepala. "Imvi izi wazitenga kuti? Chipsera cha njinga chikadalipo. Mano ukutsuka? Apa ndi bambo ako enieni, apa pamphunopa." Achimwene anati, "Amayi, musandigwedeze." Mawu awo anali atasintha. Kenako ndinamva akufwenthera, ndipo analibe dzanja lopukutira. Amayi anawapukuta ndi mpango wawo wakumutu n'kunena kuti, "Usagwedezeke, ndikupukuta ndine."

Kaseti itasiya kulira, kamunthu kanatulukira pagalasi. Alamu, zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndi chinthu chokongola. Ndi kanjerwa ka miyendo iwiri, ndowa yake ndi yaikulu kuposa iko, ndipo kalibe mutu. Achimwene anafunsa ali kuseriko kuti, "Kakuoneka bwanji?" Ndinati kakufanana ndi mwini wake. Ndinasewera. Si zovuta kwa munthu amene amadziwa kuti denga likadontha apa, posachedwa lidontha apo. Kunkangomveka pi, pi, pi. Achimwene anafunsa ngati ndi ine ndikusewera, ndinati ayi, ndi kangaude.

Kenako ndinafunsa kuti, "Amayi, mwamaliza?"

Anati, "Ndikadali pachipumi."

Masewera anali pafupi kutha, ndipo ndinadziwa kuti akatha achimwene adzuka. Kabokosi kanali pafupi ndi phazi langa. Kabatani kofiira kaja anandiphunzitsa okha m'kalata. Ndinakadina ndi chala chakuphazi, zonse zinazima.

Achimwene anati, "Chachitika n'chiyani? Ine sindinagwedeze."

Ndinati, "Mwagwedeza, achimwene. Tiyambirenso."

Anatsutsa, analumbira, anati chala chawo chachita dzanzi koma sichinasunthe. Amayi anati iwo anaona ndi diso lawo kuti anagwedeza. Ndinabweza kaseti pachiyambi. Kachiwiri anatsutsa pang'ono. Kachitatu sanatsutse n'komwe, ndinangomva mawu kuseriko akuti, "Bweza kaseti, Kachete." Nthawi imeneyo n'kuti amayi akuwauza mmene bambo anagonera tsiku lawo lomaliza, ndipo iwo ankamvetsera, chala chili pa pulagi.

Masana tinapuma kuti tidye. Achimwene anakhala mbali ya diso lamoyo. Atatha kudya anabwerera okha kuseri kuja, palibe anawatuma.

Soketi ija, alamu, inakonzedwa chaka chatha. Mukhoza kupachikapo ndowa yodzaza madzi, pulagi singasunthe. Ndinawalembera m'kalata yoyamba, koma zinali m'ndime imene inayamba ndi mawu akuti Amayi. Musawauze. Ngati akudziwa, nawonso sanandiuze.

Wa wilibala uja kulibe, ndipo mayi oyandikana nafe alibe dimba. Za tsiku lobwerera kumeneko sanatchule, inenso sindinafunse. Amayi akuti afika pachibwano, koma akufuna kubwerezanso maso.

Ndamaliza kulemba lero Loweruka, 4 koloko madzulo, nditatsamira kabati. Kaseti yatsala pang'ono kusiya kulira, ndipo phazi langa lili pamalo pake.

Ine mlamu wanu,
Kachete